Mabuleki Osapondedwa a Bambo Douwe

A Douwe ankanyadira kuti chigulire galimoto yawo, mabuleki ake anali asanawapondepo mwamphamvu. Kuno ku Friesland dziko ndi lathyathyathya ngati tebulo, moti ukamachoka kumudzi maloboti a m'tauni umawaona ukadali kutali. Ndiye iwo ankangochotsa phazi pamoto n'kuisiya galimoto kuti iziyenda yokha mpaka itatopa, ndipo inkakaimadi pamzere penipeni. Amene ali kumbuyo kaya aimbe mahutala kaya atukwane, zawo zimenezo. Ankati munthu woponda mabuleki ndi amene sanaganize bwino ponyamuka.

Hiske, mkazi wa mwana wawo Jelmer, khalidwe limeneli silinkamukhudza, chifukwa iye ankayenda pa njinga. Linadzamukhudza chaka chimene a Baukje, akazi a a Douwewo, anakana kukachitiranso tchuthi ku Drenthe. Banjali chaka chilichonse linkakoka kalavani, kanyumba ka matayala kogonamo paulendo, kupita kumalo amodzimodzi, pansi pa mtengo umodzimodzi, kudera lina lathyathyathya. A Baukje anati maso awo atopa ndi kuona kutali popanda chooneka, akufuna aoneko mapiri mawondo asanakane. Anasankha mapiri a ku Belgium, ndipo anati onse akwera galimoto imodzi: iwo, amuna awo, Jelmer, Hiske ndi Rinske, mwana wa Hiske amene anali atangoyamba kumera mano.

Loweruka la ulendolo m'mawa zonse zinali zitapakiridwa. M'kalavani munali matumba a mbatatesi za m'munda wa a Douwe, poti za kunja sankazikhulupirira, munali tchizi, munali buledi, munali ngakhale ndowa yawoyawo. Hiske anali atamangirira kale kampando ka mwana kumbuyo kwa galimoto. Anatsegula boneti kuti angothira madzi otsukira galasi, ndipo m'pamene maso ake anagwera pa kathanki ka mafuta a mabuleki. Mafuta amene amayenera kuoneka ngati ophikira anali bii, ngati khofi wogona.

Zimenezi sankazidziwa chifukwa cha nzeru zina zapadera ayi. Ali mtsikana mchimwene wake ankakonda kugula zigalimoto zakufa n'kumazidzutsa, ndipo Hiske ndiye anali phazi lake, kukhala pampando tsiku lonse kupopa chopondera m'malo mokasewera.

Anafunsa apongozi ake kuti mafutawo anawasintha liti. A Douwe anaseka mpaka chipewa chinapendekera. Anati chinthu chosagwiritsidwa ntchito munthu amasinthiranji, mafutawo ndi omwewo a ku fakitale, atsopano ngati tsiku loyamba.

Hiske anayesa kulankhula mofatsa. Anati mafuta a mabuleki amamwa chinyezi cha mumpweya kaya munthu akuponda kaya sakuponda, ndipo kuno chinyezi n'chimene timapuma, ngakhale mchere m'kabati umasanduka phala. Kuno kulibe kanthu, poti mabuleki satentha. Koma potsika phiri, kalavani ya mbatatesi ikukankha kumbuyo, mabuleki amatentha, madzi aja amawira m'mapaipi, ndipo chopondera chimangoti phwa mpaka pansi galimoto ikupitabe.

"Nanga kumapiriko ndikapondanso chiyani?" anatero a Douwe. "Phiri lili ndi pothera pake, mwanawe. Galimoto ikafika pansi iima yokha."

Hiske anazungulira galimoto. Anatsegula chitseko cha kumbuyo, n'kumasula kampando kaja, n'kukaika pa kapinga. Anatenga Rinske m'manja mwa Jelmer n'kukhala pansi pomwepo, pafupi ndi kampandoko.

"Inu pitani, Bambo. Rinske sakwera galimoto imeneyi."

Tchuthicho iye ankachifuna kuposa onse. Chibadwire mwanayu anali asanagonepo tulo tofika m'mawa, ndipo a Baukje anali atalonjeza kuti kumapiriko mwana azigona kwa iwo. Akanatsala, ndiye kuti akanatsala yekha ndi mano a Rinske. Koma anakhala pa kapingapo osasuntha.

Jelmer anaima pakati ngati mbuzi yomangidwa zingwe ziwiri. Anayang'ana bambo ake, anayang'ana mkazi wake, kenako anayang'ana mitambo n'kunena kuti mwina kugwa mvula. A Baukje ndi amene anadula nkhani. Anatulukira pawindo la kukhitchini n'kunena kuti mdzukulu wawo akatsala nawonso atsala, ndipo a Douwe akadye okha mbatatesi zonsezo pamwamba pa phiri.

Ndiye panafunika kugula mafuta. Kugalaja kunalibe malo mpaka sabata inayo, koma sitolo ya zitsulo m'mudzimo inkatsegula Loweruka mpaka masana. Hiske anati agule mabotolo atatu. A Douwe anati limodzi lakwana, ndipo nalonso n'kuwononga. Jelmer anapalasa njinga n'kubwera ndi awiri, nkhope ili ngwee ngati wagwirizanitsa mayiko.

Panafunikanso kabotolo kolandirira mafuta akalewo. A Baukje anali ndi shelefu yathunthu ya mabotolo a jamu opanda kanthu, koma kuti apereke limodzi panatenga nthawi. Ili ayi, n'la zipatso zofiira. Ili ayi, chivundikiro chake n'chabwino. Atapereka, anafunsa ngati Hiske adzalitsuke n'kulibweza. Hiske anati limenelo latsanzikana ndi jamu mpaka kalekale, mafutawa ndi poizoni, botololo lipita kotayira zinyalala zoopsa lili chitsekere. A Baukje analisisita kaye asanalisiye.

Ntchito yake si yovuta, koma imafuna anthu awiri omverana. Mmodzi amakhala pampando n'kupopa chopondera, kenako n'kuchigwira pansi osasiya. Wina amagona pa tayala, n'kumasula kanati kamene kali kuseri kwa gudumu, mafuta akale n'kutuluka kudzera m'kapaipi kupita m'botolo. Akamanga kanatiko m'pamene wa pampando amachotsa phazi. Akachotsa kanati kali chitsegukire, mpweya umalowa, ndipo mpweya m'mapaipi a mabuleki ndi woipa kuposa mafuta akale aja. Hiske anawafotokozera kawiri, ndipo kachitatu anawauza kuti abwereze okha ngati ana a sukulu. Jelmer anagona pansi ndi sipanala pa tayala la kumbuyo. A Douwe anakhala pampando, poti galimoto ndi yawo. Hiske anaima pa boneti, mwana ali m'chiuno, kumathira mafuta atsopano m'kathanki kuti kasaume.

Vuto loyamba linali phazi la a Douwe. Ankaponda ngati pansi pali dzira. Jelmer ankati popani, iwo n'kugunda chopondera ndi chala chachikulu chokha, n'kufunsa ngati zakwana. M'kapaipi munkangotuluka kadontho kamodzi, kenako kena, ngati munthu wolira mokakamizidwa pamaliro a mdani. Hiske anawauza kuti aponde ndithu, chitsulo sichimva kuwawa. A Douwe anati iye sangadziwe, sanakhale nayo galimotoyo. Vuto lachiwiri linali loti sankafuna kulamulidwa ndi mwana wawo, makamaka mwana wogona pansi. Jelmer akati gwirani, iwo ankayankha kuti anagwira kale iye asananene. Akati siyani, ankadikira kaye pang'ono kuti zioneke ngati aganiza okha.

Komabe zinkayenda. Tayala loyamba linatha, m'kapaipi munayamba kudutsa mafuta oyera. Ali pa lachiwiri, Rinske anachita zimene ana amachita, ndipo zinali zoti thewera lokha silikanatha kuzisunga. Hiske anadzaza kathanki, anauza amuna awiriwo kuti asachite chilichonse chachilendo, n'kukwera naye mwana kuchipinda cham'mwamba kukamusambitsa.

Belu la kutchalitchi linalira ali komweko, ndipo pansi anamva mawu a a Baukje akuitana khofi.

Aliyense wa kuno amadziwa kuti khofi wa m'mawa akaitanidwa munthu amasiya chimene wagwira. Wopenta amasiya khoma theka, wometa nkhosa amaisiya mbali imodzi. Hiske naye anakulira momwemo, n'chifukwa chake mawuwo sanamudzidzimutse. Anamaliza kusambitsa mwana, anamuveka, anatsika. Anawapeza onse atatu ali patebulo, manja osamba bwino, aliyense ndi kapu yake ndi bisiketi yake imodzi, chitini cha mabisiketi chitatsekedwa kale.

Anafunsa Jelmer ngati kanati kaja anakamanga.

Jelmer anasiya kutafuna. Anati ankati amange, koma bambo anali atatuluka kale m'galimoto, ndiye anaona ngati ntchito yaima yonse. A Douwe anati iwo anamva kuitana, ndipo sanaleredwe kuti azidikiritsa khofi. Palibe amene anadzuka. Jelmer anayang'ana kukhomo, anayang'ana kapu yake yomwe inali isanafike theka, n'kukhalabe. A Baukje anakankhira kapu ya Hiske kwa iye n'kunena kuti zimene zatayika zatayika, amwe usanazizire.

Hiske anapatsira Jelmer mwana n'kuthamangira panja. Botolo la jamu linali litasefukira, mafuta atayenderera pa njerwa za pabwalo, kathanki kali gwaa kouma. Anakhala pampando n'kuponda. Chopondera chinapita mpaka pansi osakumana ndi kanthu.

Ena aja anatuluka atamwa kapu yachiwiri. A Douwe anayesa chopondera okha, kachala kamodzi, ndipo nkhope yawo inawala.

"Mwaona? M'mawa muno ndinali ndi mabuleki abwinobwino. Mwawakonza, tsopano palibe."

Zinali zoona, ndipo n'zimene zinamuwawa Hiske. Botolo loyamba linali litatha. Sitolo inali itatsala pang'ono kutseka, ndipo mwini wake Loweruka ankatseka msanga kuti akawedze. Panatsala botolo limodzi, ndi mpweya wodzaza m'mapaipi onse. Likatayikanso ili, ndiye kuti Rinske sapita kulikonse, ndi amake omwe.

Hiske anathira mchenga pa mafuta otayikawo, anaika botolo la jamu pamwamba pa shelefu m'shedi, n'kupempha lina kwa a Baukje, amene ulendo uno anangopereka atatseka maso. Sipanala anaitenga yekha. Anaimika Jelmer pa boneti, mwana atamumangirira pachifuwa, n'kumuuza kuti ntchito yake ndi kuyang'ana kathanki basi, ngakhale mfumu itadutsa pamsewu asatembenuke. Panatsala pampando. A Douwe anali akulowa kale, koma Hiske anawauza mwaulemu kuti phazi lawo lingamalize botolo lonse mpweya usanatuluke, akufuna munthu woponda ndi mtima wonse.

"Ndiponde ine," anatero a Baukje.

Anali asanayendetsepo galimoto chibadwire. A Douwe anaseka n'kunena kuti mkazi wawo sadziwa n'komwe kuti mabuleki ali kuti, kaya ali pansi kaya ali padenga. A Baukje anazungulira mbali imene ankakhala masiku onse, anatsegula chitseko n'kukweza kapeti ya pansi. Inali yobooka pakati, bowo la saizi ya phazi, ndipo chitsulo cha pansi pake chinali chonyezimira ngati supuni.

"Chikwatirane, iwe Douwe, ndakhala ndikuponda apa. Pa maloboti alionse, pa mlatho uliwonse, pa ng'ombe iliyonse. Mabuleki a galimoto ino ndinali ine, kungoti sanandilumikize."

A Douwe anayang'anitsitsa bowolo. Anati iwo ankayesa mbewa.

A Baukje anavula nsapato za panyumba, anavala za ulendo, anakhala pa chiwongolero n'kugwira mpando ndi manja onse. Hiske atati popani, Mayi, galimoto yonse inagwedezeka. Mwendo umene unaphunzira pa kapeti zaka zonsezo tsopano unapeza chinthu chenicheni choponda. M'kapaipi munatuluka thovu, phwiii, ngati poto wa mkaka, kenako timatuza ting'onoting'ono, kenako mafuta okhaokha. Hiske akati gwirani, a Baukje ankagwira ngati agwira wakuba. Akati siyani, ankasiya monyinyirika. Pa tayala lachitatu anali atayamba kuimba nyimbo ya kutchalitchi motsatira kupopako, ndipo Rinske pachifuwa pa bambo ake ankaseka, dovu likutsikira pa malaya. A Douwe ankazungulira galimoto manja ali kumbuyo, kuipepesa chamumtima, ndipo nthawi ina anapempha akazi awo kuti achepetseko. A Baukje anati iwo akumvera Hiske, ena onse akhale chete.

Atamaliza matayala onse, m'botolo munatsala tochepa pansi. Hiske anamanga kanati komaliza, anapukuta paliponse, anaona kuti palibe pakudontha, n'kuyesa chopondera. Chinali cholimba, chinkaima pakati osatsikanso. Hiske anachita kuwanyengerera a Baukje kuti atsike pampandopo.

Jelmer ananyamula kampando ka mwana kuti akakabwezere, koma Hiske anamuuza kuti akasiye pomwepo. Mabuleki abwino pansi pa phazi losaponda ndi chimodzimodzi opanda. Kutsutsa galu n'kukumba. Anati akufuna aone ndi maso ake apongozi ake akuimitsa galimoto pamalo otsetsereka, kalavani ili kumbuyo, mwana asanakwere.

Malo otsetsereka m'dera lonselo analipo amodzi okha, kamsewu kotsika pa chikhoma chadothi chotchinga nyanja kuseri kwa mudzi, pamene pamadya nkhosa. Anapita onse, a Douwe pagalimoto, ena wapansi. Hiske anaima m'munsi, pambali pa msewu, n'kuloza kachipata ka nkhosa kuti galimoto ikaime pamenepo.

A Douwe anakwera pamwamba, anatembenuka movutikira ndi kalavani, n'kuyamba kutsika. Anadutsa kachipata, anadutsa Hiske, anamukwezera chala popereka moni monga mwa mwambo wa kuno, n'kupitirira mumsewu wa pakati pa minda. Galimoto inkachepa, inkachepa, mpaka inakaima yokha kutali pafupi ndi famu ya eni. Anabwerera akumwetulira n'kufunsa ngati aona mmene yaimira bwino.

Hiske anati abwereze. Ulendo uno a Baukje anati akwera nawo, n'kukakhala pamalo pawo pa kapeti yobooka.

Zimene zinachitika m'galimotomo Hiske anaziona kudzera pagalasi la kutsogolo. Atayandikira kachipata, a Baukje anatsegula pakamwa, ndipo a Douwe anapukusa mutu. A Baukje anawerama, anagwira bondo la amuna awo ndi manja awiri n'kulikanikizira pansi ndi thupi lonse. Galimoto inaima nji. Matayala analira, kalavani inagunda chokokera, m'kati mwake mbatatesi zinamveka gudugudu kuthamangira kutsogolo. Chipewa cha a Douwe chinakagwera pagalasi. Nkhosa zinabalalika. Mphuno ya galimoto inali isanafike n'komwe pa kachipata.

A Douwe anakhala kaye m'menemo. Potuluka anagwirira chitseko. Anatola chipewa, anachiyang'ana, osachivala. Kenako anapita kwa Hiske n'kunena kuti galimotoyi aisandutsa chilombo. Kale inkaima mwaulemu, inkayamba yachenjeza munthu kutali. Tsopano ukangoikhudza ikuima ngati yagunda khoma, ndipo munthu wanzeru sanganyamule mdzukulu wake m'chinthu choopsa chotere iye ali pa chiwongolero. Iwo sayendetsa. Amene waiwononga ayendetse yekha.

Anatambasula dzanja, makiyi ali lende. Jelmer anayamba kusuntha kuti alandire, koma Hiske anakumbukira kuti Jelmer anaphunzitsidwa kuyendetsa ndi bambo ake omwewo, n'kuwalandira iye.

Anabwerera kunyumba, anatolera mbatatesi zimene zinamwazika m'kalavani n'kumanga matumbawo ndi chingwe pamwamba pa matayala. Hiske anatenga kampando pa kapinga, anakamangirira kumbuyo, anakakoka uku ndi uku kuti aone ngati kagwira, n'kukhazikamo Rinske. A Baukje anakhala kutsogolo, poti anati malowo ndi awo. Jelmer anapanikizika kumbuyo mbali imodzi ya mwana, a Douwe mbali inayo.

Ananyamuka dzuwa litapendeka. Pamphambano yotulukira m'mudzi Hiske anasuntha phazi, ndipo kumbuyo a Douwe anakumbatira kampando ka mwana ndi manja onse awiri.

"Gwiritsa, Rinske," ananong'ona. "Amako akufuna kuponda."

Rinske anali atagona kale, chibakera chili m'kamwa. Hiske anaponda, galimoto inaima, anayang'ana uku ndi uku, n'kulowa mumsewu waukulu wopita kumwera.